Kansomba ka M'kati mwa Mphete

Mchenga umene Eveles anatayamo mphete, lero uli m'kati mwa mpanda wa njerwa, ndipo pachipata pamakhala mlonda wofunsa mwana wobadwira pomwepo kuti akufuna ndani. Mu 1986 kunalibe zimenezo. Gombe linali la aliyense. Chimene sichinali chako masiku amenewo ndi pakamwa pako pokha.

M'mawa wa Lachiwiri lina, anthu atatu ankayenda choweramira pamchengapo. Patsogolo panali Omari, wosesa gombe la hotela, atagwira makina amene mlendo wina wachizungu anamusiyira: ndodo yokhala ndi chimbale kunsonga, imene inkalira ikanunkhiza chitsulo pansi. Anthu ankangoti galu wa Omari.

"Galu wanu watopa, che Omari," anatero Lenard. "Watipezera zivindikiro za Fanta zokwana kutsegula golosale."

"Wallahi, mukatchulanso galu ndibwerera kunyumba. Msilamu ndi galu zigwirizana pati?"

Lenard anali wojambula zithunzi, wa njinga ndi kamera m'khosi, wodziwika kuyambira ku Senga Bay mpaka ku Chinguluwe. Ankafuna kukwatira Eveles, ndipo chomuletsa chinali penapake pansi pa mapazi awo.

Zaka zisanu m'mbuyomo, mnyamata wina dzina lake Stanley anapatsa Eveles chikole, mphete ya mkuwa yosula yekha, n'kupita kumigodi ku Joni. Analemba makalata awiri, kenako zii. Patatha zaka ziwiri, Eveles atatopa ndi kudikira, anavula mpheteyo n'kuiponya mumchenga. Tsopano abale a Stanley ankanena mawu amodzi okha: chikole chisanabwezedwe, mkaziyo ndi wathu. Osati chofanana nacho, koma chomwecho. Ndipo a Mateyu, atsibweni a Eveles, amene analinso mkulu wa mpingo, anakana kulandira ankhoswe a Lenard pamwamba pa chikole cha mwini.

"Osati uko," anatero Eveles. "Ndinaima apa, msana ku mkuyu. Ndinaponya ndi dzanja lamanzere, chakubango uko."

"Ukukumbukira bwino bwanji," anatero Lenard, osamuyang'ana.

Makina analira. Omari anagwada, anapeta mchenga ndi zala, natulutsa kanthu kakuda ngati kachidutswa ka khala. Lenard anatola mchenga wonyowa kuti akakweche.

"Musayerekeze," anatero Omari atamugwira dzanja. "Chitsulo chogona pansi zaka zitatu chili ngati chilonda, achimwene. Mukakwecha, muchotsa ndi khungu lomwe. Madzi okha ndi nthenga ya nkhuku."

Eveles analandira mpheteyo m'manja awiri.

*

Madzulo ake anakhala pakhonde pa a Mateyu. Ku mbali ya Stanley kunabwera mlongo wake Edina, mayi wa thupi lake, wolankhula ngati akuitanira malonda. Zaka zonsezi Eveles ndi amene ankayanika usipa wa banja la Edina pathandala ndi kutungira madzi amayi awo okalamba, monga mtengwa woyembekezera. Wantchito wotere munthu sataya ndi manja awiri.

Edina anatembenuza mpheteyo kawiri, n'kuibweza pambale.

"Mphete zotere zadzaza mumchenga muno. Azungu amataya tsiku ndi tsiku akamasamba. Mlamu, wangotola ya eni ake kuti utinamize?"

"M'kati mwake muli kansomba," anatero Eveles. "Anazokota yekha ndi msomali. Yang'anani bwino."

Edina anatsinzina diso limodzi. "Ine ndikuonamo ndere basi."

A Mateyu anavala magalasi awo owerengera Baibulo, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu. Mkuwa unali utada, ndipo m'katimo munkangooneka timizere tosadziwika mutu wake.

"Wodziwa chikole ndi amene anapereka," anatero Edina. "Achimwene akanena kuti n'chawo, tilandira. Apo ayi, mlamu, mawa usipa ukudikira."

"Ndiye titumize mpheteyo ku Joni," anatero Eveles.

"Ayi," anatero a Mateyu. "Chikole chimabwezedwa dzanja ndi dzanja, ankhoswe akuona. Komanso ikakatayika panjira, iwe udzakalambira pathandala pa anthuwa."

Lenard anali atakhala chapatali pachitsa, malo oyenera munthu amene sanalandiridwe pakhomo. Sankayenera kuyankhapo, koma anayankha.

"Pepani abambo. Mphete ikhale, chithunzi chipite. Ndiijambula ine, kansombako kaoneke. Kuli bambo wina ku Chitala akubwerera ku Joni pakatha masabata awiri, ndipo akudziwa komboni imene Stanley amakhala."

Edina anaseka mpaka kugwira nthiti. "Wojambula maukwati ajambule nsomba yosaoneka. Chabwino, tione."

*

Tsiku lomwelo Lenard anaika mphete pathebulo, anaima pomwe ankaimira pojambula zithunzi za ziphaso, anayatsa fulashi, n'kutchola kasanu ndi kamodzi. Masiku amenewo munthu sunkaona chimene wajambula mpaka filimu itatsukidwa, ndipo kotsukira kwabwino kunali ku Lilongwe. Anakwera basi, anaonetsa khadi la chipani pokwera ndi potsika, anagona kwa msuweni wake, nabwerako Loweruka ndi envelopu.

Anaitsegulira pakhonde pomwe paja. Akanadziwa akanayamba wasuzumira yekha panjira.

Pazithunzi zonse panali chinthu chozungulira, choyera mbuu, chopanda m'mphepete. Kuwala kwa fulashi kunamenya mkuwa n'kubwerera m'diso la kamera. Ndipo poti anajambulira patali, chinthucho chinali chaching'ono ngati njere ya nandolo pakati pa thebulo lalikulu.

Edina anakweza chithunzi chimodzi kuti amayi odutsa pamsewu aone. "Bwerani mudzaone chitumbuwa cha a Lenard. Mlamu, mwamuna wako watsopanoyu ndi wa luso ndithu."

A Mateyu anavula magalasi n'kuwapinda. "Mwana wanga, ntchito yako ndi kujambula anthu oimirira. Zinazi zisiye. Ndanena kale, sindikufuna dzina langa lizitchulidwa m'mabwalo."

Eveles anatola mbale ya mphete n'kulowa nayo m'nyumba.

*

Lamulungu, potuluka m'tchalitchi, Lenard anapatsira Eveles buku la nyimbo. M'kati munali kapepala: *Mawa masana pa mjigo. Usandikwiyire ndisanalankhule.*

Eveles anabwera ndi ndowa pamutu, nkhope ili gwa.

"Mwachita dala, a Lenard?"

"Dala bwanji?"

"Inu mumajambula mkwatibwi mpaka ndolo kuoneka. Lero kamphete kakukanikani? Kapena mwatopa nane, mukufuna pothawira?"

"Ine kutopa nawe? Ndayenda ulendo wa ku Lilongwe chifukwa cha mphete ya mwamuna mnzanga."

"Ndi zimenezotu. Mwamuna mnzanu. Simunaiyang'ane n'komwe pojambula. Ndinakuonani. Munkatchola ngati mukuthamangitsa ntchentche."

Lenard anagwira chogwirira mjigo n'kuyamba kupopa, kuti manja apeze chochita.

"N'zoona," anatero kenako. "Sindinkafuna kuiona. Pagombe paja unaloza malo ngati unaponya dzulo. Munthu amene waiwala sakumbukira dzanja limene anaponyera."

"Ndani anakuuzani kuti ndinaiwala? Ndinasiya, sindinaiwale. N'zosiyana."

Madzi anasefukira m'ndowa.

"Kansombako kalipodi?" anafunsa Lenard. "Chifukwa atsibweni ako sanakaone, Edina sanakaone, ine sindinakaone."

"Kalipo. Koma sikaoneka masana, ngakhale mpheteyo ili yatsopano sikankaoneka. Kamaoneka m'mawa, m'chipinda mwanga. Dzuwa likangotuluka m'nyanja limalowa pakazenera, chopingasa, mopyapyala ngati mpeni. Ukapendeketsa mphete chonchi, kuwala kumadutsa cham'mbali, timizere tonse timachita mthunzi. Kansomba kamatuluka ndi mamba omwe."

"Ukudziwa bwanji zonsezi?"

"Zaka ziwiri, m'mawa uliwonse, ndisanadzuke pamphasa." Anamuyang'ana m'maso. "Mwafunsa nokha."

Mawuwo anamulasa Lenard pamtima, koma m'mutu mwake munali mutayamba kale ntchito. Kuwala kwa cham'mbali. Osati fulashi yomenya pamphumi, osati dzuwa la paliwombo. Zaka zisanu ndi ziwiri akujambula, ndipo womuphunzitsa anali mkazi amene ankalirira mwamuna wina.

"Lachinayi m'mawa," anatero. "Ndikufuna zenera limenelo."

"Kuchipinda kwanga? Atsibweni akuthyolani miyendo."

"Athyole ndikatha kujambula."

*

A Mateyu anakana Lolemba, anakananso Lachiwiri. Mnyamata wosalandiridwa pakhomo kulowa kogona mwana wamkazi, anthu a mumpingo amva bwanji? Lachitatu Eveles anagwada pakhomo pawo kuyambira m'mawa, osapita kuthandala, osadya. Dzuwa litafika pamutu a Mateyu anatuluka.

"Dzuka, ukundichititsa manyazi. Alowe. Koma ine ndikhala momwemo, ndipo Edina akhalepo, asadzanene kuti tinasintha mphete."

Lachinayi kusanayere bwino, anthu anayi anapanikizana m'kachipinda ka Eveles. Lenard anagadabuza mtondo pansi pa zenera, anayalapo nsalu yakuda, n'kuimika mphete chopendekera ndi kaphula ka njuchi. Kamera anaikhazika pa njerwa ziwiri, n'kuimanga ndi mphira wa chubu cha njinga kuti isagwedezeke. Fulashi anaisiya m'chikwama.

Anasuzumira. Akayandikira kuti mphete idzaze chithunzi, zonse zinkachita chimbuuzi. Kamera yake sinkaona chinthu chapafupi kuposa kutalika kwa mkono. Kenako anatembenuka n'kuyang'ana pamphuno pa a Mateyu.

"Abambo, ndipempheko magalasi anu."

"Magalasi anga? Owerengera Mawu a Mulungu?"

"Kamerayi ili ndi matenda ngati anu omwewo. Zapatali imaona, zapafupi ayi."

Edina anafwenthera. "Tsopano kamera ivale magalasi. Mawa muigulira jekete."

A Mateyu anayang'ana Lenard, anayang'ana Eveles, kenako anavula magalasi pang'onopang'ono. "Ukaswa, udzandiwerengera Masalimo moyo wako wonse."

Lenard anamangirira galasi limodzi kutsogolo kwa diso la kamera ndi ulusi. Atasuzumiranso, mphete inadzaza bwino, m'mphepete mwake muli ngwee. Koma m'kati munali mdima.

"Dikirani," anatero Eveles. "Silinafike."

Anadikira. Kunja atambala ankalira, asodzi ankakokera mabwato kumtunda. Kenako kamzere ka dzuwa kanalowa pazenera, kanatsika pakhoma, kanakwera pamtondo.

"Ipendeketseni pang'ono kumanja. Ayi, mwapitirira. Ndisiyireni."

Eveles anagwada pambali pake, phewa lake likukhudza la Lenard, atsibweni akuona. Anasuntha mphete ndi nsonga ya chala, pang'ono kwambiri moti wina sakanaona kuti yasuntha.

Lenard anasuzumiranso m'kamera. M'galasi muja munatuluka chambo chaching'ono, mchira wopindika, mamba asanu, ndi kadontho ka diso. Munthu amene anazokota zimenezi ndi msomali anakhalira masiku ambiri, ndipo sankasewera. Lenard anazindikira zimenezo, n'kuzimeza.

Mbali imodzi inali itada kwambiri. Anatulutsa kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, anakakwinya, anakatambasulanso kuti kasathobwe, n'kupatsa Edina.

"Gwirani apa, mayi. Kabweze kuwala pang'ono mumthunzimo."

"Ine? Ndikuthandizeni kundilanda mlamu?"

"Mwabwera kudzachitira umboni. Gwirani, mudzanene kuti munaona ndi maso anu."

Edina anagwira, akung'ung'udza.

Lenard anachepetsa kabowo kolowera kuwala mpaka pa 16, kuti kansomba kaoneke bwino kuyambira kumutu mpaka kumchira ngakhale mphete ili yokhota. Kabowo kakachepa chonchi, kamera imafuna nthawi yaitali ili chitsegulire, ndipo chala cha munthu chikangoikhudza zonse zimawonongeka. Choncho anatchera kawotchi kamene amatchera akafuna kudzijambula yekha, n'kuchotsa manja.

"Aliyense asapume. Abambo, musatsokomole."

Kawotchi kanalira ngati nyenje, kenako *tcha*. Anajambula china ndi theka la sekondi, china ndi sekondi yathunthu, china ndi masekondi awiri, poti sakanadziwa chabwino n'chiti mpaka ku Lilongwe. Akutchera chachisanu, dzuwa linachoka pamtondo.

Edina anabweza kapepala kaja. Maso ake anali pamphete.

"Mwakaona?" anafunsa Eveles.

"Ine maso anga ndi ofooka, mlamu," anatero Edina, n'kutuluka.

*

Nthawi ino Lenard anatsegula envelopu ali pakhomo pa sitolo yotsukira zithunzi. Choyamba chinada, chomaliza chinayera. Cha sekondi imodzi chija chinamukhazika pansi pakhonde la eni ake. Mphete inali yaikulu ngati chibangili, ndipo chambo chinkaoneka ngati chingathe kusambira n'kutuluka papepala. Mwini sitolo, amene anatsuka zithunzi zaka makumi awiri, anapempha kuti asungeko chimodzi choonetsa pagalasi la sitolo yake.

Loweruka anachiika m'manja mwa a Mateyu. Iwo anavala magalasi, omwe anali akadali ndi kaulusi kumwendo, nayang'ana nthawi yaitali.

"Ichi ndiye ngakhale wakhungu avomera," anatero. Kenako, koyamba chiyambire, anauza Eveles kuti: "Mpatse mlendoyu mpando."

Lamulungu Lenard anapalasa njinga mpaka ku Chitala, kukapereka chithunzi ndi kalata ya a Mateyu. Kalatayo inali ya mizere itatu: ngati mphete iyi ndi yanu, nenani, kuti tibweze chikole kwa abale anu mwamtendere.

*

Yankho linatenga masabata asanu ndi limodzi. Linafika monga makalata onse akunja ankafikira masiku amenewo, envelopu itatsegulidwa kale n'kumatidwanso mosabisa. A Mateyu anaitanitsa onse. Lenard anakhala pampando, Edina pamphasa, Eveles pafupi ndi chitseko, mbale ya mphete ili pakati.

A Mateyu anawerenga mokweza.

*Okondedwa abambo, ndalandira kalata yanu. Mpheteyo ndi yanga. Ndinaidula ku paipi ya injini ya bwato, ndipo kansombako ndinakazokota milungu itatu.*

Eveles anatulutsa mpweya. A Mateyu anatembenuza pepala, anawerenga chamumtima mzere wotsatira, n'kukhosomola.

"Pitirizani, abambo," anatero Edina.

*Ndinali nditatayika kuno, sindikana. Ndinkachita manyazi kulemba. Koma nditaona chithunzichi sindinapite ku ntchito masiku awiri. Ndachikhoma pamwamba pa bedi langa. Sindinkadziwa kuti Eveles anasunga chinthu chimenechi mpaka lero. Chikole musabweze, ndipo abale anga asalandire. Ndikubwera pa Khirisimasi kudzamaliza zimene ndinayamba. Wojambulayo mumuthokoze kwambiri, ndi katswiri. Mumuuze asunge filimu ya tsiku la ukwati.*

Edina analuluta kamodzi, mwachidule, ngati akuyesa mawu. "Mwamva, a Lenard? Ntchito mwaipeza."

Palibe anaseka. A Mateyu anapinda kalata, anavula magalasi.

"Mwana wanga," anatero, osayang'ana Lenard, "wagwira ntchito yabwino. Koma mwini chikole wakana kulandira, ndipo akubwera. Mpaka adzafike, pakhomo pano usapondepo. Ndisamvenso za mjigo."

Lenard anaimirira, anagwira njinga yake, anatsanzika mwaulemu. Atafika pampanda anamva mapazi kumbuyo. Eveles ankamutsatira, masana dzuwa likuswa mtengo, atsibweni ake akumuitana, amayi a pamsewu ataima ndi madengu pamutu.

"Bwerera, ukudziputira mlandu," anatero Lenard.

"Ndikukuperekezani. Aone onse, asavutike n'kunong'onezana."

Anayenda limodzi mpaka pamphambano, njinga ili pakati pawo.

"Ndikanajambula chitumbuwa china, bwenzi ali chigonere ku Joni," anatero Lenard.

"Bwenzi inenso ndili chiyanikire usipa wa Edina mpaka imvi. Wavomera kuti ndi yake. N'zimene tinkafuna. Akuti ndinasunga. Abwere, adzamve kwa che Omari kumene ndinasungako. Ndidzamuika mpheteyo m'dzanja ndekha, ankhoswe akuona, ndione ngati adzafumbate kapena adzaigwetse."

"Kwatsala masiku makumi anayi."

"Ndawerenga kale."

Lenard anaponda pedulo, koma sanakwere. Funso linali likumuvuta kuyambira m'mawa uja wa pazenera.

"Eveles, ukadzamuona akutsika basi, udzamva chiyani?"

Eveles anakonza mpango wake, anayang'ana msewu wopita ku Salima, kumene basi imachokera.

"Chimene ndidzamve sindikuchidziwa, ndipo sindikunamizani," anatero. "Chimene ndidzanene ndikuchidziwa. Inu mudzakhalepo, mudzamve nokha."